Mutu Wachinayi: Zisa Zonyowa za Runa

1. Kukalipa monong'ona

Munthu sungakalipe bwino uku ukunong'ona. Ndinayesa m'mawa umenewo, ndipo ndinatsala pang'ono kutsamwa ndi malovu anga omwe.

Tinali pazenera la chipinda cham'mwamba, ine ndi Runa, mwana wa mchimwene wanga. Faifi koloko inali isanakwane koma kunja kunali kutayera kale, monga kumachitira mu Meyi pachilumba pathu pano. Moto tinali tisanakoleze. Khofi tinali tisanamwe. Tinali titafunda mabulangete ngati odwala.

Abakha a m'nyanja anali atayamba kutuluka m'madzi. Chaka ndi chaka amabwera kudzaikira mazira m'tinyumba timene timawamangira. Akaswa n'kupita ndi ana awo, amatisiyira nthenga zofewa zimene amadzizula pachifuwa. Nthengazo ndizo zimatidyetsa. Koma bakha si wantchito wako. Amayamba wayendera kaye kanyumba, kusuzumira, kulowa, kukhala pang'ono. Akapanda kukhutira amatuluka, ndipo sungamuitane.

Masiku osankhawo munthu sutuluka panja mpaka masana. Sukoleza moto m'mawa, utsi umawabweza. Suyanika zovala. Sumenyetsa chitseko. Ngakhale mphaka wanga amakadikira kutsidya kwa anthu ena mpaka Julaye. Chilumba chonse chimakhala cha abakha, ife n'kukhala akaidi m'nyumba yathu yomwe.

Runa anali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. Bambo ake anamutumiza kuno kuchokera kumzinda wa Trondheim atasiya sukulu pakati pa chaka. Asanasiye sukuluyo anali atasiya mpira, atasiya gitala, atasiyanso ntchito ya Loweruka yogulitsa buledi. Chinthu chikangomukanika kamodzi, iye basi, chikwama paphewa.

Ndinam'patsa tinyumba tisanu ndi tiwiri ta kumpoto kuti akonze zisa. Tinyumbato anamanga ndi amuna anga a Torleif, amene anamwalira mu Janyuwale n'kundisiyira zonse. N'tatifupi, polowamo uyenera kukwawa ndi mimba, ndipo bondo langa linasiya kupinda kalekale. Abakha akapeza malo osakonzeka chaka chimodzi chokha, amakazolowera kwina. Popanda Runa, mbali ya kumpoto ikanafa pamodzi ndi mwini wake.

"Taonani azakhali, uyo akulowa," Runa ananong'ona.

Anali bakha wamkulu amene a Torleif ankamutcha Mayi Busa chifukwa cha kayendedwe kake konyang'wa. Zaka khumi ndi chimodzi ankaikira m'kanyumba kamodzimodzi, kopangidwa ndi theka la boti lakale lovundikira. Analowa. Mwamuna wake, bakha woyera, anaima pakhomo ngati mlonda.

Sipanathe mphindi ziwiri. Mayi Busa anatuluka, nakung'untha mchira, n'kumapita osacheuka.

Wina analowa m'kanyumba kachiwiri. Anatuluka. Wina m'kachitatu. Anatuluka. Tonse tisanu ndi tiwiri, chimodzimodzi.

"Mwina akupita kukamwa madzi," anatero Runa.

"Bakha wogona m'nyanja apite kukamwa madzi? Wachitamo chiyani m'tinyumbamo iwe?"

"Palibe."

"Palibe wakoyo wabweza abakha asanu ndi awiri."

"Musakuwe, azakhali."

"Sindikukuwa!"

Ndipo n'zoona, sindinkakuwa. Sindikanatha. Tinakhala choncho maola asanu ndi awiri m'nyumba yozizira, ine kuyenda ndi masokosi kuchoka pazenera kupita pakhoma, iye kuyang'ana foni yopanda netiweki. Palibe akanathawa mnzake.

2. Dzanja pansi pa chisa

Masana, abakha atabwerera m'madzi kukadya, tinapita kumpoto.

Chisa timachipanga ndi ndere zimene nyanja imalavulira pagombe. Umazitola, kuziyanika pamiyala masiku atatu, kuzitembenuza, kuzikung'untha mchenga, mpaka zizilira m'manja ngati pepala. Zimenezi ndinali nditamuuza kawiri.

Ndinasuzumira m'kanyumba ka Mayi Busa. Chisa chinali chokongola, chozungulira bwino ngati mbale. Runa ali ndi manja aluso, zimenezo sindingam'mane.

"Gwada," ndinatero. "Pisa dzanja."

Anagwira pamwamba. "Zouma izi."

"Ndati pisa. Mpaka pansi."

Anapisa. Dzanja linatuluka lakuda, lonanda, likununkha ngati pansi pa ndowa ya nsomba.

"Lankhula."

"Kumabwera mvula," anatero akuyang'ana nsapato zake. "Zinali zitauma tsiku limodzi lokha. Ndinaona kuti zikanyowa ndiyambiranso. Ndiye ndinaika zonyowazo pansi, zouma pamwamba. Ndimaganiza kuti ziuma zili momwemo."

"Unkabisira ndani?"



Ndinakhala pamwala. Mawu amene ndinamuuza ndikuwalemba onse, kuti nanunso ana mukuwerenga inu muwamve.

"Tamvera iwe. Ine ukhoza kundinamiza. Maso anga ndi okalamba, ndimaona pamwamba pokha. Aphunzitsi ako unkawanamiza, bambo ako umawanamiza mpaka lero, iwo n'kumati mwana ndi wofatsa. Koma bakha saona ndi maso. Amakhalapo. Amazula nthenga zake pachifuwa, khungu n'kutsala poyera, n'kuligoneka pa chisa chako masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi osadya kanthu. Chinyontho chimene wabisacho chimakwera n'kumupeza. Dzira likazizira pansi, mwana amafera m'kati. Iye amadziwa zimenezi popanda sukulu. Sindikukukalipira chifukwa mvula inabwera. Mvula si iwe. Ukanabwera n'kunena kuti azakhali zandikanika, tikanaona chochita. Koma iwe unaopa kuyambiranso kuposa kuopa kupha mazira. Ntchito ya amalume ako ya zaka makumi anayi waikwirira ndi ndere zouma zodzaza manja awiri."

Runa anapukutira dzanja pabuluku.

"Ndinanena ine kuti sindingathe zimenezi," anatero. "Palibe anandimva."

Pobwerera tinapeza pamene Mayi Busa anaikira dzira lake. Pamtetete, pakati pa miyala, popanda denga. Khwangwala anali atafika kale. Panatsala chikamba chobiriwira chobooka pambali.

Runa anachitola, nachiyang'ana, n'kuchibwezera pomwepo pang'onopang'ono ngati chingaswekenso.

Mayi Busa sitinamuonenso chaka chimenecho. Ndisakunamizeni kuti anabwerera. Zina zikawonongeka zawonongeka.

3. Boti la Lachinayi

Mawa lake linali Lachinayi, tsiku la boti lomaliza. Abakha akayamba kukhalira mazira, boti silifika kwa milungu itatu.

Jarle ndiye amatibweretsera ufa, palafini ndi makalata. Ndinaphunzira naye pulayimale, ndipo chiyambire nthawi imeneyo pakamwa pake sipanatsekepo. Anazimitsa injini ali patali n'kupalasa mpaka pamwala wa kummwera, monga mwa lamulo.

Runa anali atatsika kale ndi chikwama chake chofiira. Sindinamuletse. Kugwira munthu mwendo sindimadziwa.

"Ee, alendo akupita?" anatero Jarle akutsitsa thumba la mbatata. "Wakulumanso galu ameneyu, azakhali akowa? Usadandaule mtsikana iwe, tonse tili ndi zipsera."

"Tsitsa katundu uzipita," ndinatero.

"Ndinawononga zisa," anatero Runa. "Zonse zisanu ndi ziwiri."

"Zisanu ndi ziwiri zokha?" Jarle anaseka mpaka kutsokomola. "Gunnvor, sunamuuze za nsalu?"

"Ukatchula nsalu ndikuponya m'madzi."

Koma munthu amene uja saopa madzi. Anakhala m'mphepete mwa boti n'kuyamba.

"Azakhali akowa anabwera pano ali mkwatibwi, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ochokera kutsidya, osadziwa bakha ndi nkhuku. Amafuna kuonetsa apongozi awo kuti ndi mkazi waukhondo. M'mawa wina, sabata ngati inoyi, anadzuka anthu onse ali mtulo, n'kuchapa nsalu zonse zoyala pabedi. Zoyera mbee, khumi ndi ziwiri. N'kuziyanika pachingwe, mphepo ikuomba. Ine ndinali m'nyanja ndi bambo anga, tinkaganiza kuti chilumba chamera matanga chikuthawa. Abakha mazana awiri anauluka kamodzi. Chaka chimenecho nthenga sizinadzaze ngakhale pilo. Apongozi awo sanawalankhule mpaka Khirisimasi. Ndiye ndikuuze mwana iwe, pazilumba zonsezi palibe wosunga abakha amene sanathamangitseko abakha. Amene amati sanalakwitsepo ndi amene anakwera boti chaka choyamba. Ali kutauni, ali bwino, manja osalala. Koma akafika pano mbalame siziwadziwa."

Zaka makumi anayi ndi zitatu, munthu akadakumbukirabe nambala ya nsalu.

Runa anandiyang'ana. "N'zoona, azakhali?"

"Zinali khumi ndi imodzi."

"Ndiye munatani?"

"Ndikanatani? Ndinali wokwatiwa. Boti kunalibe. Ndinalira m'khola, chaka chotsatira ndinakonza zisa."

"Koma ine boti ndi ili."

"Ndi ilo. Kwera."

Anaika chikwama m'boti. Anaika mwendo umodzi. Kenako anaima choncho, mwendo wina pamwala, wina m'boti, madzi akumutsegula miyendo pang'onopang'ono.

"Sankha msanga, ung'ambika," anatero Jarle.

"Abakha onse asankha kale?" Runa anafunsa.

"Akuluakulu asankha," ndinatero. "Kwatsala ang'onoang'ono, oyamba kuikira chaka chino. Amenewo amachedwa. Masiku anayi, mwina asanu."

"Ndere zimauma masiku atatu."

"Kukakhala kopanda mvula. Tayang'ana kumadzulo uko."

Kumadzulo kunali bii.

Runa anayang'ana mitambo, nayang'ana m'boti. Pansi pa mpando panali ukonde wakale wong'ambika umene Jarle amafunditsira katundu.

"A Jarle, ukonde uwo mukuugwiritsa ntchito?"

"Ukufuna ukagwire abakha ndi ukonde? Azakhali ako akupha."

"M'shedi ya maboti muja makoma ali ndi mipata, mphepo imadutsa. Denga silidontha. Nditati ndiukunge m'mwamba ngati bedi, ndere n'kuziyala pamwamba pake, mphepo izilowa pansi ndi pamwamba."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse. Sitinachitepo zimenezo. Apongozi anga sanachitepo. Koma chifukwa chokanira sindinachipeze.

"Zikakanika?" ndinafunsa.

"Zikakanika zakanika."

"Boti silibweranso milungu itatu. Ukatsala, watsala ndi ine."

"Ndikudziwa," anatero, nkhope ili ngati akumeza mankhwala.

Anabweza mwendo. Jarle anamuponyera chikwama, kenako ukonde.

"Mulungu akuthandize," anatero akukankha boti. "Sindikunena za abakha."

4. Ukonde m'shedi

Mvula inayamba Runa asanamalize kutola ndere. Anatuta mitolo khumi ndi umodzi kuchokera pagombe, madzi akutsika m'khosi. Sindinamuthandize kunyamula. Ndinamugwirira makwerero pokunga ukonde, basi.

Tsiku lotsatira tinadikira m'nyumba mpaka masana monga mwa nthawi zonse. Runa sanakhudze foni. Ankangoyang'ana wotchi ya pakhoma. Itangokwana thwelofu anatuluka.

Ndinamutsatira pang'onopang'ono. Ndinamupeza ataima pansi pa ukonde, dzanja lili m'kati mwa ndere mpaka m'chigongono.

"Zauma?"

"Pamwamba pokha," anatero. "M'kati ndi madzi okhaokha. Ndaunjika kwambiri."

Ndinadikira kuti ndimve mawu ake aja akuti sindingathe. Ndinali nditakonzeka kale ndi yankho, ndipo silinali labwino.

"Tsiku limodzi lapita pachabe," anatero. Anamenya mtengo wa shedi ndi nsapato. Kenako anamenyanso. "Muli ndi ukonde wina?"

"Wa amalume ako uli padenga."

"Ndingautenge?"

Palibe anali atakhudza zinthu za a Torleif chimwalirireni. Ndinayang'ana kumbali.

"Ukuyembekeza kuti akuyankhe okha? Kwera."

Anakunga maukonde awiri, ndere n'kuziyala mopyapyala moti kuwala kumaonekera. Zotsala anabwera nazo m'nyumba. Anaziyala pansi m'chipinda chake, pamipando, pamasitepe. Nyumba yonse inanunkha gombe. Tizilombo todumpha ta m'ndere tinalowa mpaka m'shuga.

"Nyumba yanga wayisandutsa khola," ndinatero.

"Mumati ndisabise. Izi sindinabise."

Pakamwa ngati pa bambo ake. Ndinachotsa kachilombo m'khofi n'kumwa.

Masiku awiri anatembenuza ndere maola atatu alionse, nthawi imene tinkaloledwa kuyenda. Manja anasweka ndi mchere. Lamulungu masana anandibweretsera chingwe cha ndere n'kuchifinya pafupi ndi khutu langa. Chinalira ngati pepala.

"Ya pamwamba imeneyo?"

"Ya pakati. Ya pansi ndi iyi."

Nayonso inalira.

Zouma zinakwana zisa zinayi zokha. Ndinaona maso ake akuyang'ana mulu wa zosauma bwino umene unali pakona. Zikanakwanira zitatu zotsalazo, ukaika zouma pang'ono pamwamba.

Ndinaluma lilime mpaka kumva magazi.

"Zinayi," anatero Runa. "Tinyumba titatu tikhale chaka chino."

Anakwawa yekha m'kanyumba kalikonse, kutulutsa zowola zija ndi manja, kupala pansi, kuyala timatabwa kuti chinyontho cha dothi chisakwere. Potuluka m'kachinayi anali wakuda kuyambira kutsitsi mpaka kumaondo, ndipo anali atagunda mutu kawiri. Anatukwana mawu amene sindingawalembe m'buku la ana a sukulu. Ndinachita ngati sindinamve, chifukwa ndi ine ndinamuphunzitsa.

5. Pazenera

Lolemba m'mawa palibe bakha anapita kumpoto. Tinakhala pazenera mpaka maso kuwawa.

"Tachedwa," anatero Runa.

"Mwina."

"Simungonena kuti ayi, ngakhale kunama?"

"Ayi."

Lachiwiri mvula inakata. Itangopitirira faifi koloko, abakha awiri aakazi anatuluka m'madzi kumpoto, amuna awo pambuyo. Anali ang'onoang'ono, oyenda mokayika, kuima pamwala uliwonse.

Woyamba anafika pa kanyumba ka theka la boti. Anasuzumira. Anabwerera m'mbuyo. Anasuzumiranso, n'kulowa.

Runa anandigwira mkono. Zala zake zinali zokhakhala ngati za msodzi.

Mphindi ziwiri. Zisanu. Khumi. Mwamuna wake anatopa kuima, nakhala pansi pakhomo n'kubisa mlomo m'phiko.

"Wakhala?" Runa ananong'ona.

"Wakhala."

"Nenaninso."

"Wagontha? Ndati wakhala. Ndisiye mkono."

Wachiwiri uja anali pakhomo la kanyumba kotsatira, mutu m'kati, mchira kunja. Sanalowe, sanachoke. Nthawi imeneyo ndiye yoopsa kuposa zonse. Chitseko chikangolira, munthu akangodutsa, bakha wosankha amauluka, ndipo wokhala kumene uja amauluka naye.

Apo m'pamene ndinaona madzi akugawanika pansi pa miyala ya kumpoto. Mutu wakuda, wosalala, unatuluka. Kenako msana wautali. Katumbu.

Katumbu safuna dzira. Amalowa m'kanyumba n'kugwira bakha pakhosi ali pachisa, pamene alibe pothawira. Akalawa mmodzi amabwera tsiku lililonse.

Anakwera pamwala, nanunkhiza mphepo. Anatembenukira ku tinyumba.

"Azakhali, icho n'chiyani?"

Ndinamuuza.

"Ndikatuluka?"

"Abakha athawa. Onse awiri. Ena kulibe."

"Ndikapanda kutuluka?"

Ankaona yekha. Katumbu anali atadutsa mwala woyamba.

"Ndiuzeni chochita," anatero. "Inu mumadziwa zonse. Ndiuzeni!"

Zaka makumi anayi ndi zitatu ndili pachilumba chino, ndipo zoterezi ankathana nazo ndi a Torleif, m'njira imene sindinawafunsepo chifukwa ndinkaganiza kuti adzakhalapo mpaka kalekale. Bondo langa silikanafika kumpoto ngakhale katumbu akanandidikira.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Runa anandiyang'ana kamodzi. Anayang'ananso panja, osati pa katumbu, koma pa ngalande yakuya imene imayambira kuseri kwa nyumba n'kukatulukira pagombe la kumpoto, yodzaza matope ndi madzi a mvula ozizira ngati mpeni. Munthu wokwawa m'menemo akanatulukira pafupi ndi katumbu, abakha osamuona.

Anavula juzi yake yofiira n'kutenga chikhoti chotuwa cha amalume ake pamsomali. Anatsika masitepe ndi masokosi okha.

Ndinamva chitseko chakuseri chikutseguka pang'onopang'ono, osalira ngakhale pang'ono.